Bulu Amene Anasiyidwa Kunyumba

Pa famu ya a Wendell Hruska sipankafunika tambala. Kum'mawa kukangofiira, abulu asanu ndi anayi ankayamba kwaya yawo, ndipo woyambitsa nyimbo anali Chester, nkhalamba ya bulu ya mawu ngati chitseko chadzimbiri. A Wendell ankatuluka ndi kapu ya khofi kudzanja ili, mtolo wa udzu wouma kudzanja linalo, n'kumawayankha mmodzimmodzi ndi mayina awo.

Anali abulu ang'onoang'ono aja, olekeza munthu m'chiuno, a mtanda wakuda pamsana. A Wendell anayamba kuwaweta atapuma pantchito yogawa makalata, imene anaigwira zaka makumi atatu m'dera lawo lomwelo ku Texas. Anzawo atapuma anakonda mbedza ndi nsomba. Iwo anakonda kukhala pansi ndi mabuku a mibadwo ya abulu, kusankha kuti wamkazi uyu akumane ndi wamphongo uti. Akazi awo, mayi Nelda, ankati amuna awo amadziwa agogo a bulu aliyense m'chigawocho, koma masiku obadwa a zidzukulu zawo amachita kufunsa.

Zaka zisanu ndi ziwiri za kusankha kumeneko zinabala Opal. Kabulu kameneka kanali kosiririka: miyendo yowongoka ngati anachita kuiyeza ndi chingwe, msana wosalala, mutu waung'ono, ndipo poyenda kankaponda ngati mkwatibwi. A Wendell anadziwa kuti pachionetsero chachikulu cha chaka chimenecho, dzina la Hruska lidzamveka kwa alimi onse a abulu.

Chester sanabadwire pafamupo. Anamusiya anthu ena posamukira kutauni. Anali wofulidwa, mimba ngati mgolo, mano achikasu, khutu lakumanzere lopindika chimulumire galu. Koma kuyambira tsiku limene Opal anasiyitsidwa kuyamwa, awiriwa ankagona m'khola limodzi, kudyera pamodzi, kugubuduka pafumbi limodzi, n'kumakandana m'khosi ndi mano.

Lachinayi m'mawa, akudya mazira ndi buledi, mayi Nelda anafunsa, "M'ngolo muja mwaikamo udzu wa abulu awiri?"

"Wa mmodzi."

"Nanga Chester akadya chiyani?"

"Chester adya konkuno. Sakupita."

Mayi Nelda anaika foloko pansi. "Bambo a Karen, mukufuna kuwalekanitsa masiku atatu? Aja sanasiyanepo ngakhale ola limodzi."

"Ndiye ayambe kuphunzira. Kukakhala alimi ochokera kutali, Nelda. Akadzafika pakhola lolembedwa kuti Hruska, akaone chiyani? Mgolo wamakutu?"

"Mawu amenewo ndi a achimwene."

Anali a achimwene awodi. A Dwight Kocurek, mlongo wawo wa mayi Nelda, nawonso ankaweta abulu, ndipo chilamu chawo ndi a Wendell chinali chotoserana tsiku ndi tsiku. Chaka chapitacho anaseka Chester pagulu mpaka misozi, ndipo a Wendell anaseka nawo ndi mano okha, mumtima mukuwira.

"Akhale a Dwight, akhale a ndani, ndanena ndanena," anatero a Wendell. "Inunso mutsale, muziyang'anira enawa. Kabulu kamodzi sikangandikanike."

"Chabwino, bwana," anayankha mayi Nelda, n'kutolera mbale.

Lachisanu, ntchito ya mphindi zisanu yokweza Opal m'ngolo inatenga ola lathunthu. Kabulu kanakhomera ziboda pansi, khosi kumbuyo, maso kumpanda kumene Chester ankathamanga uku ndi uku akulira. A Wendell anakoka, anakankha, ananyengerera ndi karoti, mpaka anachita kukanyamula miyendo yakumbuyo. Pikapu itanyamuka, kulira kwa m'ngolo ndi kwa kumpanda kunayankhizana mpaka famu inabisika kuseri kwa phiri. Wa kumpandayo atasiya kumveka, wa m'ngolo sanaleke. Maola atatu a ulendowo a Wendell anakweza wailesi mpaka pamapeto, koma Opal anaposa oimba onse.

Pabwalo lachionetsero anam'patsa kachipinda kake m'khola lalitali. A Wendell anamusambitsa, anam'meta ubweya wa m'makutu, anam'paka mafuta m'ziboda mpaka zinawala. Anamuikira udzu ndi madzi. Opal ananunkhiza, n'kutembenukira kukhoma.

"Alamu!" Anali a Dwight, chipewa chili kunkhongo, atatsamira chitseko. "Ndiye mfumukazi ija ndi imeneyi? Bwanji yakwinya nkhope ngati mwaibera mwamuna?"

"Watopa ndi ulendo."

"Nanga mgolo uja mwausiya kuti? Ine ndinabwera ndi kamera."

"Mudzajambula riboni ya wopambana mawa," anatero a Wendell.

Loweruka m'mawa udzu unali momwe anausiyira, madzi osatsika ngakhale chala chimodzi. A Wendell anaona, koma anadzilimbitsa kuti akadya mpikisano ukatha. Anavala malaya oyera ndi chipewa chatsopano. Chokuzira mawu chitaitana abulu aakazi a zaka zitatu, analowa pamzere, wachisanu mwa khumi ndi awiri.

Ntchito yake inali yochepa: kuyenda mpaka kwa woweruza, kuthamanga pang'ono, kuima chilili. Opal anali atazichita kambirimbiri kunyumba. Anayi oyamba analowa. Itafika nthawi yawo, Opal anaponda mchenga wa pachipata n'kuuma gwa, ngati chitsa.

"Tiye, mwanawe," ananong'ona a Wendell. "Tiye, usandichititse manyazi."

Anakoka chingwe. Khosi linatalika, miyendo ayi. Amene amadziwa abulu amadziwa kuti hatchi ikachita mantha imathawa, koma bulu akachita mantha amamera mizu. Woweruza, mayi wamtali wa magalasi, anadikira, kenaka anabwera yekha kuti aone. Atawerama pafupi, Opal anakweza mutu, anatsegula kukamwa, n'kulira kulira kwautali komvetsa chisoni, mpaka mayiyo anabwerera m'mbuyo atagwira magalasi. Anthu anaphulika ndi phwete. Abulu ena onse a pamzere anayankha.

"Pepani, bambo," anatero woweruzayo mwaulemu. "Tapatukani, anzanu adutse."

Kutuluka pachipatapo kunafunanso anthu atatu. Mmodzi mwa iwo anali a Dwight, akukankha kumbuyo uku akuseka. "Alamu, mpikisano wa oimba ndi sabata yamawa!"

Koma atafika kukhola n'kuona udzu wosakhudzidwa uja, a Dwight anasiya kuseka. "Wadya liti komaliza?"

"Dzulo m'mawa. Pang'ono."

"Dikirani pompo." Anapita n'kubwera ndi dokotala wa ziweto wa pachionetseropo, bambo wachikulire wosachulutsa mawu. Anamuyang'ana Opal m'kamwa, anamvetsera m'mimba, anamutsina chikopa cha pakhosi.

"Matenda sindikuwaona," anatero. "Ali ndi mnzake kunyumba?"

A Wendell anayang'ana nsapato zawo. "Alipo."

"Ndiye matenda ake ndi amenewo. Koma musawapeputse. Tiabulu iti tikakhala masiku awiri atatu osadya, mafuta amasefukira m'magazi, chiwindi n'kufooka. Ndaikapo m'manda angapo. Kukamada lero asanadye, tiyamba kum'patsa madzi a m'mitsempha. Kum'bweza pa ulendo wa maola atatu padzuwa ili, ali chonchi, sindingakulangizeni."

Za riboni zinachoka m'mutu mwa a Wendell ngati utsi. Anakumbukira tsiku limene kabulu aka kanabadwa, kali konyowa, makutu atagona, iwo akukapukuta ndi thaulo la m'bafa. Anagwada pa utuchi n'kukapatsa karoti padzanja. Opal anangowapumira mpweya wofunda, osatsegula pakamwa.

Anatuluka panja n'kuimba foni. Inaitana kawiri.

"Ee, bwana," anayankha mayi Nelda. "Riboni ija ndi yamtundu wanji?"

"Nelda, sakudya."

"Kunonso kuli wina sakudya. Waima pachipata chiyambire dzulo, wakumba dzenje ndi ziboda."

"Dokotala akuti... Nelda, ndinalakwa. Mubwere nayeni."

"Mwati chiyani? Foni ikudukaduka."

"Ndati ndinalakwa!"

"Eya, tsopano yamveka bwino. Koma ngolo munatenga ndinu, bambo a Karen. Ndim'bereke kumsana?"

A Wendell anaima pakati pa magalimoto, thukuta likutsika m'khosi mwa malaya oyera aja. Kenaka anamva akazi awo akupuma mwamphamvu, ngati munthu amene akunyamula chinthu cholemera.

"Mukutani?"

"Ndikuchotsa mipando yakumbuyo m'galimoto yanga. Ndinayamba kale mutangoimba. Pitani mukakhale ndi mwanayo."

Maola atatu amenewo anatalika kuposa zaka zonse zimene a Wendell anayenda ndi makalata. Anakhala pa ndowa yovundikira, dzanja lili pakhosi la Opal. A Dwight anawabweretsera khofi ndi nyama yowotcha ya m'buledi, n'kukhala nawo chete, chinthu chimene chinali chisanachitikepo chikwatirire a Wendell mlongo wawo.

Dzuwa litapendeka, kunja kunamveka chiphokoso cha anthu akuseka ndi kuimba malikhweru. Galimoto yabuluu ya mayi Nelda, yomwe ankapitira kutchalitchi, inkalowa pang'onopang'ono pakati pa ngolo zikuluzikulu zonyezimira. Pawindo lakumbuyo panatulukira mutu wotuwa, khutu lina chilili, lina lopindika. Chester anakoka mpweya n'kutulutsa mawu ake adzimbiri aja.

M'kachipinda muja makutu a Opal anaima njo! Anayankha mwamphamvu mpaka a Wendell anagwa pandowa.

Mayi Nelda anatsika, tsitsi lodzaza udzu, phewa la bulauzi litanyowa. "Njira yonse amanditafuna kolala," anatero. "Ndipo wachita zinthu kumbuyoko zimene mukachape ndinu."

Chester sanadikire chingwe. Anayenda yekha m'khola lalitali lija, mimba ikugwedezeka, kudutsa abulu onse a mitundu yapamwamba osawayang'ana, mpaka pachitseko cholembedwa kuti Hruska. Anagunditsana mphuno ndi Opal. Anakandana m'khosi. Kenaka nkhalambayo inaona udzu wosadyedwa, n'kuyamba kuusesa mosaona nkhope. Opal anaiyang'ana pang'ono, anaikankha ndi phewa, n'kuviika mphuno yake mumtolo womwewo.

Phokoso la mano a abulu awiri akutafuna udzu wouma silokoma kwenikweni, koma a Wendell anatembenukira kukhoma n'kumapukuta m'maso ndi chipewa chatsopano chija.

"Fumbi, alamu?" anafunsa a Dwight.

"Fumbi."

Mpikisano wa kukongola unali utapita, ndipo sukanabweranso mpaka chaka chinacho. Riboni yabuluu ya woyamba inatengedwa ndi mlimi wina wa kumpoto. Lamulungu kunatsala mpikisano wodutsa zopinga: kamlatho kamatabwa, lona woyalidwa pansi, mitengo yolumpha. Dokotala atavomera, a Wendell analembetsa Opal. Mayi Nelda anaima kumpanda wa bwalo atagwira Chester, amene ana anali atamuzungulira kale, aliyense akufuna kugwira khutu lopindikalo.

Opal analowa pachipata chomwe chija ngati palibe chinachitikapo. Anawoloka mlatho, anaponda lona, anagunda mtengo umodzi wokha chifukwa chocheukira mnzake. Anakhala wachitatu. Popereka riboni yachikasuyo, woweruza wa magalasi uja anamuyang'ana kabuluyo kuyambira kumutu mpaka kuziboda.

"Ndi yemwe uja anandiimbira dzulo?"

"Yemweyo, mayi."

"Akanayenda chonchi dzulo, sindikanavutika n'kusankha."

Mawuwo anawalasa a Wendell, koma anawameza, pakuti anadziwa amene anaphika nkhaniyo. Madzulo ake Chester anakwera m'ngolo choyamba, Opal n'kumutsatira popanda womukoka. Mayi Nelda anatulutsa makiyi a galimoto yawo, koma amuna awo anawagwira dzanja.

"Alamu," anaitana a Wendell, "akazi anu mwabwera nawowa angatiyendetsere iyi mpaka kunyumba? Nelda akwera ndi ine."

A Dwight anasuzumira m'galimotomo n'kubwerera atatseka mphuno. "Mwandilanga, alamu. Koma chabwino. Nanunso mumakana kudya mukakhala nokha?"

"Dzulo nyama ija munadya ndinu," anayankha a Wendell.

Ananyamuka dzuwa likadalipo. Kumbuyo m'ngolo kunali zii. Kutsogolo mayi Nelda anayamba kufotokoza, mosasiya kanthu, mmene anakwezera bulu m'galimoto ndi thabwa la pakhonde ndi paketi ya mabisiketi, ndipo a Wendell anaseka mpaka anachita kuima pambali pa msewu.

Kuyambira chaka chimenecho, ngolo ya a Hruska ikafika pachionetsero mumatsika abulu awiri, ndipo m'pikapu mumatsika anthu awiri. Wina akafunsa kuti nkhalamba ya khutu lopindikayo ikudzapikisana pa chiyani, a Wendell amayankha mosachita manyazi kuti yabwera ndi mnzake. Paja akuluakulu ananena kalekale, ndipo ngakhale bulu angawavomereze: kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.