Mchira wa Woweruza Nyani

Chaka chimene mvula inathawa chimanga chili m'mawondo, Gologolo anatsala ndi lichero limodzi la mtedza, ana ali mphako yodzaza. Nguluwe atanunkhiza, anayamba kunena kuti mtedzawo unachokera m'munda mwake, nkhani n'kukafika kubwalo.

Woweruza kumeneko anali Nyani, ndipo mpando wake unali chulu. Lamulo la nyama linkati wokhala pachulupo sazengedwa mlandu ngakhale agamule mokhota, kuti asamanjenjemere akamaweruza a Mkango. Lamulo labwino ndithu, kungoti amene analipanga sanaganizire za mimba ya Nyani.

Mwa mwambo, chinthu cholimbirana chinkaikidwa patsinde pa chulu. Nyani anatapa mtedza dzanja tho, akuti amve ngati ukukoma dothi la kwa Nguluwe. Anatafuna, natapanso, kenaka n'kunena kuti lilime silinatsimikize, mlandu upitirira mawa.

Gologolo anathamangira kwa Njovu, mkulu wa nyama zonse. Njovu anamumvera chisoni, koma anati wa pachulu sakhudzidwa.

"Nanga akatsika, achimwene aakulu?"

"Akatsika ndi nyani ngati anyani ena onse."

Mawa lake Gologolo anaika lichero patali pang'ono. Nyani anatambasula mkono, matako ali pachulu pomwepo, natapa. Tsiku linalo lichero linasunthanso. Koma Nyani sanabadwe dzulo. Anatsetsereka chafufumimba, thupi lonse pansi, nsonga ya mchira yokha n'kuisiya itagona pachulu.

"Mboni zione, mchira uli pampando," anatero uku akutafuna.

Mtedza unatsala wongophimba pansi pa lichero, ndipo Gologolo mtima unamuwawa akaganiza ana ake. Komabe anali ataona pamene mchirawo umagona. M'mamawa anatenga kamtengo n'kubowola chulu pamalo omwewo, mpaka anamva agang'a, asilikali a chiswe a mitu yofiira aja, ali piringupiringu m'kati. Anavindikira bowolo ndi tsamba, n'kukapempha Njovu kuti adzangoonerera.

Bwalo litadzaza, Gologolo anaika lichero mwaulemu, akuwomba m'manja. Nyani anatsetsereka monga mwa masiku onse, mchira n'kukankha tsamba lija. Anadzaza tsaya lakumanja. Gang'a woyamba analuma, iye n'kungotsinzina. Anadzaza tsaya lakumanzere, misozi ili lengelenge, dzanja likubwererabe m'lichero. Paja amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo Nyani ndi msuweni wake wa pusi. Agang'a atatuluka mudzi wonse, woweruza anadumpha n'kukuwa, mchira uli m'mwamba.

"Achimwene aakulu, maso anga ndi aang'ono," anatero Gologolo motsitsa mawu. "Kodi pampando pali ndani?"

Njovu anayang'ana chulu, nayang'ana Nyani.

"Palibe. Ndikungoona wakuba ali ndi mtedza wa ana m'masaya."

Anamugwira ndi chitamba pakhosi, n'kulamula kuti abweze lichero lodzaza dzuwa lisanalowe, ndipo pachulupo asadzapondenso. Nguluwe, ataona kuti zavuta, anazemba mwakachetechete, mlandu wake n'kufera pomwepo. Nyama zinaseka mpaka kugwira nthiti.

Apa Gologolo akanangonyamula lichero n'kumapita. Koma kutamidwa kumaledzeretsa kuposa kachasu. Analumphira pachulu, nakhala mwachifumu, n'kulengeza kuti woweruza tsopano ndi iye, munda wa Nguluwe waulanda, ndipo palibe angamukhudze poti wakhala pampando.

Anaiwala kuti bowo lija anabowola yekha, ndipo agang'a lamulo salidziwa.

Anafika kumphako kwake asanadziwe kuti wadutsa njira iti, Njovu n'kuchita kumuperekera mtedza pambuyo. Ana anadya, anakhuta. Koma mpaka lero Nyani ndi Gologolo akakumana sapatsana moni, ndipo onse awiri mchira amayenda ataunyamula.