Njinga Yofiira ya Che Latifu

Pa siteji ya kabaza pa Ntaja panalibe munthu wodana ndi juga ngati Che Latifu. Akaona anyamata ataunjikana pa foni, ankaimika njinga yawo yakapalasa n'kuyamba ulaliki. Ankati juga ndi haramu, juga imapasula mabanja, kumayiko ena a Aluya wotchova juga amagona m'chitokosi, kuno kokha ndiye boma likulekerera. Pakamwa pomwepa mpamene panawapezetsa mpando m'komiti ya mzikiti, ndipo mpandowo ankaunyadira kwabasi.

Koma mawondo samva ulaliki. Zaka zopalasa matumba a chimanga zinali zitawafoola, ndipo mtima wawo unali pa njinga yamoto. Choncho zitamveka kuti kampani ina ya lotale ya pa foni ikupereka njinga yamoto yofiira kwa wamwayi, Che Latifu anameza mate.

Chovuta chinali dzina. Malamulo a masewerawo ankati aliyense alembetse ndi chiphaso chake cha unzika, ndipo wopambana ajambulidwe. Bamboyu anapita kwa Wadson, mnzawo wa pa siteji yemwe ankapemphera kutchalitchi, n'kumupempha kuti awabwereke dzina ndi nambala ya foni. Wadson anaseka mpaka misozi, koma anavomera. Kuyambira pamenepo Che Latifu ankadzudzula juga pagulu, kwinaku akutumizira Wadson manambala mwakachetechete. Akazi awo, a Shamim, anawachenjeza kuti asankhe chimodzi, kusewera poyera kapena kusiyiratu. Iwo anangoti nkhani za amuna n'zakuya.

Mwayi nawo susankha nkhope. Manambala aja anagwa ndithu. Wadson anabwera ali wefuwefu, nati apite limodzi ku Liwonde, akaime naye pachithunzi, makiyi akawapatsira pomwepo. Che Latifu anakana kwamtuwagalu. Anati Wadson akatenge yekha, adzawapatse njingayo fumbi likazizira.

Chithunzi cha Wadson atakwera njinga yofiira chinazungulira mafoni a pa Ntaja ponse. Lachisanu, anthu akutuluka ku mapemphero a Juma, akuluakulu a mzikiti anafunsa Che Latifu maganizo awo pa mnzawoyo. Apa pankangofunika kutsokomola n'kudutsa. Koma lilime lozolowera ulaliki silidziwa kupuma.

"Njinga imeneyo ndi ya shetani," anatero mokweza, kuti ndi akumbuyo omwe amve. "Ine olo atandipatsa ulere sindingaikhudze."

Mawuwo anamupeza Wadson dzuwa lisanalowe, ndipo anamuwawa, poti iye anali atasunga chinsinsi mokhulupirika. Che Latifu atabwera mozemba kudzatenga makiyi, anamupeza akupukuta magalasi a njingayo mosathamanga.

"Iyayi, Che Latifu, ine sindingakuchimwitseni," anatero Wadson mwaulemu wonse. "Njinga ya shetani isiyeni kwa ife ochimwa kale."

Mkwiyo unawaiwalitsa manyazi. M'mawa mwake anakatula nkhaniyo kwa tcheyamani wa siteji, anyamata onse ali pomwepo, n'kuwerenga mokweza mauthenga a manambala omwe ankatumizira Wadson. Anyamata aja, amene anatopa kale ndi kulalikiridwa, ankangotsinana. Tcheyamani anaimbira kukampani, foni ili pa sipika. Mayi amene anayankha anafotokoza modekha kuti mphoto ndi ya mwini chiphaso, ndipo kuti kusewera pa dzina la wina n'kuphwanya malamulo awo. Anafunsa ngati pali wina amene akuti anachita zimenezo. Che Latifu anangoyang'ana matayala a njinga yawo.

Pa Ntaja nkhani siigona panjira. Sabata isanathe, akuluakulu a mzikiti anawapempha mofatsa kuti ayambe apumula kaye pa mpando uja. Chinawapweteka koposa n'chakuti palibe anawakalipira. A Shamim nawo sananene kuti ndinanena, anangowathirira madzi otentha othowera mawondo.

Mpaka lero Che Latifu akupalasabe, koma akadutsa anyamata a pa foni amayang'ana kumbali. Wadson akawapeza pachitunda thukuta lili kamukamu, amachepetsa liwiro la njinga yofiira ija.

"Lachisanu ndidzakunyamulani ulere popita ku Juma, achimwene. Mungogwira malaya angawa, njingayo musaikhudze."

Che Latifu anafuna kubisala ku mzikiti ndi ku lotale komwe, mvula n'kuwapeza ali pakati. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.