Tsiku limene Mvuu anakoka ngolo

Kalekale, sendera kuno mwana wanga, amalume akonso atchere khutu, Mvuu sankakhala m'madzi. Ankakhala kumtunda. Anali ndi dimba la maungu, ngolo imodzi, ndi wantchito mmodzi, Kavalo.

Mvuu kudya, Kavalo kukoka. Mvuu kuodzera, Kavalo kukoka. Ngolo ikadzaza maungu, Mvuu ankakhalanso pamwamba, chikwapu chili m'manja.

Tsiku lina msana wa Kavalo unakana. Khosi linauma gwa, mwendo wakumbuyo n'kumangokhukhuluzika.

"Ukapanda kukoka mkuja, ndikupereka kwa afisi," anatero Mvuu. "Udzu wanga si wa alendo."

Mumtengo wa pafupi ndi khola munkakhala Gologolo, mayi wodziwa kuthowa. Anamva zonse, mchira wake n'kuima njoo ndi ukali. Mvuu atachoka, iye anatereka madzi pamoto, n'kutsika ndi kansupa ka mafuta a nsatsi.

"Achimwene, imani bwino. Pakapweteka mundiuze ndi makutu."

"Musadzivute, mayi," anatero Kavalo. "Ine ndatha kale."

"Watha ndani? Mukudzilira maliro muli chiimire?"

Gologolo anaviika masamba a nsatsi m'madzi ofunda, n'kuwayala pamsana. Kenako anapaka mafuta, n'kuyambira pakhosi, pang'onopang'ono, kutsata kumene ubweya wagonera. Tikiti tikiti ndi timanja, ponde ponde ndi timapazi. Pafupa ankalambalala, pamnofu ankakanikiza. Akapeza mfundo yolimba ngati mwala, Kavalo ankapinda makutu, ndipo iye ankafewetsa dzanja n'kudikira mpaka mfundoyo itasungunuka. Magazi anayamba kuyenda. Mlomo wa Kavalo unagwa lende, zikope n'kulemera, kenako mpweya wautali, fuuu!

Mawa lake Kavalo anadya msipu ndi mtima wonse. Mkuja wake anali kuponya mateche m'mwamba.

Mvuu ataona zimenezi, m'malo mokondwa anafufuma.

"Iwe kamchira! Wakuloleza ndani kuthowa wantchito, bwana asanathowedwe? Kukoma konseko kunali kwanga! Kuyambira lero manja akowo ndi a ine ndekha. Ukadzamukhudzanso uyu, afisi adzamudya tsiku lomwelo."

Gologolo ankadziwa kuti Kavalo akabwerera kungolo popanda womuthowa, sabata sitha asanagwe. Sanathawire mumtengo. Anaima pamaso pa chimphuno cha Mvuu.

"Manja ndi anga, bwana, ndinabadwa nawo. Koma gonani tione."

Mvuu anagona, dziko n'kugwedezeka. Gologolo anakwera pamsana, anadina apa, anadina apo, n'kupukusa mutu.

"Kalanga ine! Palibe pogwira. Ponseponse wedewede ngati papaya lakupsa. Ife timathowa mfundo, bwana. Mfundo zanu zili kuti?"

"Nanga Kavalo zake anazitenga kuti?"

"Pokoka ngolo."

"Ngolo yangayi?" Mvuu anadzuka, maso ali psu. "Ndiye kuti zaka zonsezi wakhala akudzikundikira mfundo za m'ngolo yanga, ine mwiniwake osandipatsako? Wakuba iwe! Ndimangeni zingwe za ngolozo!"

Anamumanga. Maungu anadzaza thoo. Gologolo anazungulira ngolo, akusisita chibwano.

"Katunduyu ndi wa mfundo za anthu wamba. Bwana amafunika zikuluzikulu. Achimwene, kwerani."

Kavalo anakwera, n'kukhala pamaungu, miyendo ili piringipiringi.

Kwii, kwii, ngolo inakwera chitunda. Atafika pamwamba Mvuu anafunsa ali wefuwefu, "Zabwera?"

Gologolo anamutsina paphewa. "Zangoyamba kuphukira. Tibwereze."

Kwii, kwii, kachiwiri. "Nanga pano?"

"Zakula ngati nandolo. Za Kavalo zinali ngati mango. Mulola wantchito akuposeni?"

"Ndani? Ine? Tiyeni!"

Kachitatu, dzuwa lili paliwombo, ngolo inafika pakati pa chitunda, Mvuu n'kugwa khuu! Msana gwa, khosi gwa, miyendo njenjenje.

"Mayi Gologolo, mayi anga, ndithoweni!"

"M'mawa ndinali kamchira."

"Linali lilime chabe, mayi!"

"Lilime lomwelo linene mokweza, tchire lonse limve: Kavalo ndi wa ndani?"

"Ndi wa... ndi wa yekha!"

"Afisi adye chiyani?"

"Adye maungu!"

Mbalame zinamva, anyani anamva, ndipo mawu onenedwa pamaso pa mboni sabwerera m'kamwa. Kavalo anatsika m'ngolo, n'kudziwongola.

"Tsopano bwerani msanga," anabuula Mvuu.

"Odwala timawathowa pamzere, bwana," anatero Gologolo, akudumphira pamsana pa Kavalo. "Awa anayamba kudwala zaka zisanu zapitazo, inu mwayamba lero. Kanyikeni msanawo mumtsinje, nthawi yanu ikakwana ndikuitanani."

Mvuu anakwawa mpaka kumtsinje, n'kulowamo phuvu! Ali momwemo mpaka lero, timakutu tokha tili panja, kumvetsera ngati aitanidwa. Ukadzamuona atayasamula chikamwa chonse, usadzaganize kuti ndi tulo. Akufunsa ngati mzere wafika.

Nthano yanga ndaimasula zingwe pomwepa, ipite ikadye msipu. Koma iwe mwana wanga, ukamasirira mankhwala a mnzako, uzifunsa kaye kumene anatenga matenda.