Pepala Limene a Sankhani Sanasaine

Pakhomo pa a Sankhani, kuseri kwa msika wa Lirangwe, sipankasowa utsi. Bambowa anali oumba njerwa, ndipo dothi ankalikumba m'mphepete mwa kamtsinje kodutsa kumunsi kwa mudzi. Analinso wapampando wa komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, udindo umene unkawakomera kwambiri pa tsiku logawa ufa.

Chaka chimenecho aboma anauza makomiti kuti aleke kudalira mawu apakamwa. Mudzi uliwonse ulembe malamulo ake: kothawira madzi akasefukira, woimba wezulo, komanso mayina a anthu osatha kuyenda okha ndi amene adzawanyamule. Mlembi wa komitiyo, mayi Mwanaidi, anasiya tomato wawo pamsika n'kuyenda khomo ndi khomo. Mwa osayendawo munali a Maness, achemwali a wapampando yemweyo, omwe miyendo yawo inafa atadwala sitiroko. Pambali pa dzina lawo mlembi analemba la a Hakimu, kalipentala wokhala nyumba yoyandikana nayo. Chinatsala n'choti wapampando asaine, aitanitse msonkhano, aliyense auzidwe ntchito yake pamaso pa anthu.

A Sankhani anawerenga akugwedeza mutu movomereza mpaka pamene anafika pa lamulo loletsa kukumba dothi pafupi ndi mtsinje. Apo nkhope inagwa. Kukana poyera sakanatha, popeza onse mukomiti anali atagwirizana nalo, ndiye anangolipinda pepalalo n'kunena kuti nkhani yaikulu safulumira nayo.

Mu Okutobala anati adikire uvuni upse. Mu Disembala anati anthu atanganidwa ndi kubzala. Mayi Mwanaidi anatopa n'kupondaponda pakhomopo, ndipo tsiku lina anawalankhula mosabisa.

"Achimwene, ngati chakuwawani ndi dothi, tiitaneni tikambirane za dothilo. Koma anthu auzidwe wonyamula mnzake. Mvula siidikira siginecha yanu."

"Mayi, ine ndinabadwira pano," anayankha a Sankhani. "Kamtsinje kameneka timakaoloka osavula nsapato. Tikumana mwezi wamawa."

Kunena zoona, a Sankhani sanali munthu wouma mtima. Achemwali awowo ankawadyetsa ndi iwo, ndipo nyumba imene ankagonamo inali ya njerwa zawo. Chinawapweteka n'kuganiza kuti mawa ndi lawo.

Mu Januwale mvula inagwa masiku atatu osakata. Tsiku lachitatu masana, a Sankhani atausa pakhonde la sitolo kumsika, gombe la mtsinje linagumuka pamene nkhuti zawo zokumbamo dothi zinalidya, madzi n'kulowa m'mudzi. Wezulo sinalire, chifukwa panalibe amene anauzidwa kuti ndi yake. Ena anathawira kutchalitchi, ena kumzikiti, ena kumsewu. A kutchalitchi ankaganiza kuti a Maness ali kumzikiti. A kumzikiti ankati mlongo wawo wawatenga kale. A Hakimu anabereka ana awo awiri n'kudutsa pakhomo pa a Maness pomwepo, chitseko chili chotseka.

A Sankhani anafika madzi ali m'chiuno, nyumba ya achemwali awo itagwa mbali imodzi. Anayenda malo atatu onsewo akufunsa, ndipo paliponse ankawayankha ndi funso lomwelo. Thupi linapezeka m'mawa mwake pansi pa khoma.

Obweretsa thandizo atafika anafunsa msasa ndi mndandanda wa anthu, koma panalibe chowaonetsa. Midzi ya chaku Mdeka imene inakonzeratu malamulo ake inalandira matenti tsiku lomwelo, pamene kuno anthu anagona masiku awiri ndi zovala zonyowa akuwerengedwa.

Pamaliro, mayi Mwanaidi sanathe kuzisunga mumtima. Anawauza a Hakimu kuti dzina lolembedwa pambali pa malemuwo linali lawo. Kalipentalayo anapita pamene panakhala a Sankhani, nagwada monga achitira opepesa maliro.

"Pepani, achimwene. Ndinadutsa pakhomo paja. Mukanandiuza kuti ndi ntchito yanga, ana ndikanapatsa mayi awo, ine n'kugogoda."

Chisoni cha imfa anthu amagawana, koma ichi chinali cha a Sankhani okha. Akuluakulu sananame: zengerezu adalinda kwawukwawu.