Poto Wochokera ku Namwera

Bambo Yotamu Chimphepo anafika kwa Shehe Amini Likagwa Lachiwiri lina m'mwezi wa Disembala, titangochoka ku swala, pemphero lathu la masana. Masiku amenewo ndinali mwalimu pa madrasa ina ku Ulongwe, ndipo ana akaweruka ndinkakonda kupita kwa a Shehe kuti azikandiwongola pomwe ndikukhota. Tsikulo tinali pakhonde, iwo akusankha mbewu ya nandolo m'lichero, poti mvula inali itagwa kawiri.

Mlendoyo tinkawadziwa tonse. Anali mkulu wa mpingo ku tchalitchi cha kutsidya kwa msewu, mphunzitsi wopuma pantchito, munthu wamtali wosayenda wopanda jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ndi a Shehe ankapatsana moni pamaliro ndi pamsika, koma pakhomopo anali asanapondepo. A Shehe anawapatsa mpando umodzi womwe unalipo, iwo n'kutsikira pamkeka. Mayi a pakhomopo, Abiti Mdoka, anabweretsa tiyi ndi mbale ya mango. Bambo Chimphepo anathokoza, nati adya kale.

Atatha malonje, anakhala tsonga, manja ali pamaondo.

"A Shehe, ndabwera ndi funso limodzi, ndipo ndikupempha kuti musandipite m'mbali. Kodi m'chipembedzo chanu, nyumba ya Mkhristu ndi yodetsedwa?"

A Shehe anaika lichero pansi. Anati funso lotere siliyenda lokha, limakhala ndi chimene chalibereka, ndipo anapempha mlendoyo kuti ngati n'kotheka ayambire pamenepo.

Bambo Chimphepo anayamba mouma, ngati akuwerenga lipoti kumsonkhano. Mzime wawo, Edina, anakwatiwa zaka zinayi zapitazo ndi mnyamata wa ku Namwera dzina lake Hamisi, nalowa Chisilamu, n'kumatchedwa Rukia. Iwo ku ukwatiko sanapite. Anauza mwanayo kuti popeza wasankha njira yake, aiyende yekha, ndipo kuyambira pamenepo sanamvenso mawu ake. Mdzukulu anabadwa, iwo n'kumuona pafoni ya akazi awo, Nasibeko, kamodzi kokha, mozemba.

Kunyumba kwawo, anatero, kuli mwambo. Tsiku loyamba la chaka aliyense amalemba zimene akulonjeza Mulungu kuti achita chakacho. Chaka chimenechi iwo analemba zitatu kuchikuto kwa buku lawo la nyimbo: kuwerenga Malembo onse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kusajomba mapemphero a m'mawa, ndi kudya pamodzi ndi Edina chaka chisanathe. Ziwiri zoyambazo zinayenda bwino. Chachitatucho anachizengereza miyezi khumi ndi umodzi, mpaka Nasibeko anawafunsa ngati Mulungu amalandira lonjezo lodula pakati. Apo m'pamene analola kuti amayiwo aimbe foni. Mwanayo analira, navomera kubwera pa Khirisimasi ndi mwamuna wake ndi kamwana.

Kuyambira tsiku limenelo Nasibeko sanakhale pansi. Anapuntha mpunga, anasinja mtedza wotendera chisoso chimene Edina ankachikonda ali wamng'ono, anaviika mawere a thobwa, ndipo tambala wamkulu anamutsekera m'khola kuti anenepe. Ndiye dzulo lake kunabwera uthenga. Edina anati abwera ndi poto wake, ndipo anapempha kuti tambalayo adzazingidwe ndi Hamisi.

Apa mawu a Bambo Chimphepo anasintha.

"Zaka makumi anayi, nkhuku ya mlendo pakhomo panga ndimapha ndine, ndi dzanja ili. Mwana ameneyu wakula ndi chakudya cha m'mapoto a mayi ake. Lero mapotowo ndi onyansa? Ine ndadzichepetsa, ndamuitana. Iye akubwera kudzandiuza kuti ndine wodetsedwa m'nyumba yanga yomwe. Ngati n'zimene mumawaphunzitsa, ndiuzeni, ndikamuuze kuti asavutike ndi ulendo."

Ine ndinali ndi mayankho atatu okonzeka pakamwa. A Shehe sanandiyang'ane n'komwe. Anafunsa modekha ngati pakhomo pawo pamaphikidwa nyama ya nkhumba. Mlendoyo anati inde, amaweta, ndipo sachita nazo manyazi. A Shehe anati palibe chochititsa manyazi munthu akamadya chimene chikhulupiriro chake chimamulola.

Kenaka anayankha funso lija mwachindunji. Anati nyumba ya Mkhristu si yodetsedwa, dzanja lake si lodetsedwa, ndipo Msilamu amene waphunzitsidwa zimenezo waphunzitsidwa molakwa. Chimene chili choletsedwa kwa ife ndi nyama ya nkhumbayo, ndipo poto akatsukidwa bwino amayera. Pa za kuzinga, anati ophunzira amasiyana maganizo, koma ambiri kuno mtima umakhala m'malo akazinga Msilamu. Anawonjeza kuti munthu wolowa kumene m'chipembedzo amakhala ndi mantha kuposa wobadwiramo, monga mtengwa watsopano amene amalawa ndiwo kasanu poopa mchere. Ndipo anati Rukia akanabwera kwa iwo, akanamukumbutsa kuti chiphunzitso chathu chimalamula mwana kulemekeza ndi kuchitira zabwino makolo ake ngakhale akupembedza mosiyana.

Bambo Chimphepo anati ngati zili choncho, ndiye kuti mwanayo walakwa, ndipo potoyo atsale ku Namwera.

A Shehe anafunsa kuti kuchokera ku Namwera kufika ku Ulongwe munthu amakwera magalimoto angati. Mlendoyo anati awiri, mwina atatu.

"Ndi mwana kumsana, chikwama m'manja, mvula ili pamutu," anatero a Shehe. "Bambo Chimphepo, munthu amene sakufuna kudya kwanu sanyamula poto. Amatumiza mawu oti mwana wadwala, kapena amafika atakhuta n'kungomwa madzi. Uyu wakhala pansi n'kuganiza kuti, ndichite chiyani kuti ndikadye kwa bambo anga mtima uli m'malo? Yankho limene walipeza ndi lolemera kunyamula, koma walinyamula."

Mlendoyo anati mawuwo ndi okoma, koma n'chifukwa chiyani nthawi zonse wogonja azikhala kholo. Anawonjeza kuti a Shehe sangadziwe ululu wake, poti ana awo onse ali mumzikiti.

A Shehe anavomera kuti ululu wa kholo saudziwa. Koma anati mbali inayo akuidziwa, ndipo anatiuza nkhani imene ine, ngakhale ndinakhala nawo zaka zisanu ndi chimodzi, ndinali ndisanaimvepo.

Anali ndi mlongo wawo wamkulu, Asiyatu, amene anawalera mayi awo atamwalira. Asiyatu anakwatiwa ndi Mkhristu wa ku Ntcheu, n'kuyamba kupita kutchalitchi. Nthawiyo a Shehe anali atangobwera kumene kumaphunziro, ndevu zikuyamba kumera, mutu utadzaza ndi malamulo. Anapita kukamuona kamodzi. Mlongoyo anawaphikira mpunga ndi nyemba, zinthu zopanda chokayikitsa chilichonse, koma iwo anakankha mbale, nati sadya m'nyumba yotere. Asiyatu anangotenga mbaleyo n'kubwerera nayo kukhitchini.

Kuyambira chaka chimenecho, nthawi yokolola ikafika, kunkabwera kathumba ka mtedza kuchokera ku Ntcheu. Unali mtedza wosasenda, wosakazinga, woti dzanja lake lisakhudze chimene mchimwene wake adye. Unabwera zaka khumi ndi chimodzi. Iwo ankadya mtedzawo, koma ku Ntcheu osapita, akumati chaka chamawa. Chaka chakhumi ndi chiwiri kunabwera uthenga wa maliro.

"Kumaliroko ndinadya," anatero a Shehe. "Anandiphikira ana ake, m'mapoto ake omwe aja. Ndinadya zonse, koma mwini wake sanandione ndikudya. Palibe lamulo limene linandiletsa nyemba zija, bambo. Kunali kudzikuza, ine n'kukuveka mkanjo wa chipembedzo. Mpaka lero ndimapempha Allah kuti andikhululukire mbale imene ija."

Bambo Chimphepo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi mpango. Atawavalanso, anatambasula dzanja, natenga bango limodzi m'mbale muja, n'kuyamba kulisenda ndi chala. Anafunsa, tsopano ndi mawu otsika, kuti nanga achite bwanji kuti asaoneke ngati mlendo pakhomo pake pomwe.

A Shehe anati ulemu wa nkhuku ya mlendo uli kwa wopereka, osati kwa wogwira mpeni. Tambalayo akamugwire okha m'khola, amupereke ndi manja awiri kwa mkamwini wawo, ndipo aimirire pomwepo pamene akuzingidwa. Potoyo akafika, Nasibeko amulandire monga amalandirira katundu aliyense wa mlendo, amuike pamafuwa awo, aphikemo okha. Poto adzakhala wa ku Namwera, koma moto, mchere ndi dzanja zidzakhala za mayi ake, ndipo zimenezo n'zimene mwanayo wazisowa zaka zinayi. Anawonjeza kuti akapatse alendowo madzi ndi malo oyera m'chipinda nthawi ya swala ikakwana, asanachite kupempha.

Zimene zinachitika pa Khirisimasi ndinazimva mwezi wotsatira kwa Nasibeko, atabwera ndi chigubu cha thobwa kudzapatsa Abiti Mdoka. Anati Edina anafika ndi poto wake m'thumba la saka, nagwada pakhomo. Bambo ake anamuyang'ana, n'kufunsa ngati ulendo unali wabwino, basi, kenaka anatenga mdzukulu n'kupita naye kukhola kukamuonetsa tambala. Hamisi anazinga, apongozi ake atagwira miyendo. Anadya onse pamphasa imodzi. Sikuti zonse zinatheratu tsiku limenelo: dzina loti Rukia bamboyo silinatuluke pakamwa pawo, ndipo mwanayo sanawakakamize. Koma alendo amene anati agona usiku umodzi anakhala masiku anayi, ndipo pobwerera potoyo anamusiya, ati adzamupeza pa Pasaka.

Komabe chimene ine ndimawauza ophunzira anga ndi mawu omaliza a tsiku lija la Lachiwiri. A Shehe anaperekeza mlendo wawo mpaka pampanda, ine ndili pambuyo. Pamenepo Bambo Chimphepo anaima, nati patsala chinthu chimodzi chimene chikuwasowetsa mtendere kuposa zonse. Kunyumba kwawo sadya asanapemphere, ndipo amapemphera mokweza, m'dzina la Yesu.

"Kodi tsiku limenelo ndikhale chete chifukwa cha iwo? Ndikatero ndidzakhala ngati ndakana Ambuye wanga chifukwa cha mbale ya mpunga. Koma ndikapemphera, ndikuopa kuti adzadzuka n'kutuluka."

A Shehe anawagwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Musakhale chete. Mwanayo akubwera kwa bambo ake, ndipo akudziwa kuti bambo ake amapemphera. Mukasiya, adzaona ngati walowa m'nyumba ya munthu wina. Inu pempherani monga mwa masiku onse, iwo adzatchula dzina la Mulungu mwa njira yawo, chamumtima. Ndikupempheni chimodzi chokha: pempherolo lipite kwa Mulungu, lisakhale ulaliki wopita kwa mwana. Ndipo mukafika pa dzina lake, musaliike pakati pa zinthu zimene mukupempha kuti zikonzedwe. Muliike pakati pa zimene mukuthokoza."