Mahandulo a Golide

Nyumba ya a Wilkins Zidana ndi akazi awo a Constance, ku Ligowe, inatenga zaka zisanu ndi ziwiri kuti ithe. A Wilkins anali mlangizi wa zaulimi wopuma pa ntchito, munthu wofatsa, amene matenda a shuga anamuphunzitsa kudya mosankha ndi kuyenda mosathamanga. Mapazi awo ankachita dzanzi, moti nthawi zina nsapato inkavuka iwo osadziwa. A Constance anali mphunzitsi wa ku pulayimale. Moyo wawo wonse wa pabanja anaphikira m'nyumba za sukulu, momwe mbale zinkakhala m'beseni ndipo mapoto ankasanjikizana pakona. Ndiye pamene chipinda chomaliza cha nyumba yawoyawo chinafika pokonzedwa, mtima wawo wonse unagona pamenepo. Ankafuna khitchini yonga ija ankaiona pa foni, yoti mlendo akalowa ayambe wagwira pakamwa.

Makabati anawapanga a Laimoni, kalipentala wa pamsika, bambo wa imvi amene anakhomera zitseko theka la mudziwo. Anapanga a m'mwamba ndi a pansi, mbali zonse ziwiri za chipinda, pakati n'kutsala kanjira koti anthu awiri sangapatukirane bwino. Ntchito inali yosalala ngati dzira. Chinatsala ndi mahandulo okokera zitseko ndi madirowa, ndipo amenewo a Constance anati akasankha okha ku Limbe.

Anabwerako ndi katoni yolemera. Atatsegula, khonde lonse linawala. Anali mahandulo ataliatali amtundu wa golide, a ngodya zinayi, nsonga zake zotuluka kunja ngati tchizulo.

A Laimoni anatenga imodzi, n'kuitembenuza, n'kuikanda ndi chikhadabo kumbuyo kwake. Pamene anakandapo panatuluka kamzere kotuwa.

"Aphunzitsi, golide uyu ndi wa pakhungu chabe," anatero. "Mkatimu ndi chitsulo wamba. Ndi nkhungu ya kuno ya m'mapiri, kuphatikiza nthunzi ya m'mapoto, mvula ikangodutsa kamodzi ayamba kusupuka."

"Mwini sitolo wanditsimikizira kuti sasupuka."

"Mwini sitolo sagona ku Neno, amayi. Koma za mtundu tizisiye. Taonani nsongazi. Kanjira kanu n'kopapatiza, ndipo madirowa a pansiwa ali pa msinkhu wa msongolo. Alipo ena a chitsulo chosachita dzimbiri, opindika ngati uta, osalala. Ngati mtima wanu uli pa awa, tiike awa m'mwamba, pansipa tiike enawo."

A Constance anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene wapsa mtima.

"Khitchini yanga ikhale ya mawangamawanga ngati nkhanga? A Laimoni, ine ndadikira zaka makumi awiri ndi zisanu."

"Ndiye mundilole ndipale nsongazi ndi tupa."

"Kuti golide achoke lero lomwe? Ayi. Inu munaitanidwira matabwa. Zokongoletsa mundisiyire ine."

Kalipentala uja anayang'ana a Wilkins, amene anali pampando akusenda nachesi. A Wilkins anangokweza mapewa.

"Achitireni zomwe akufuna mayi a Tionge. Khitchini ndi yawo."

A Laimoni anamanga mahandulo onse makumi atatu tsiku lomwelo.

Kwa miyezi ingapo a Constance anasangalala ndi chimene anasankha. Amayi a kumpingo anabwera kudzaona nyumba, n'kuima pakhomo la khitchini ngati afika ku hotela. Aphunzitsi anzawo anajambula zithunzi. Mwana wawo Tionge, amene ankagwira ntchito ku Lilongwe, anaimba foni kuti, "Amayi, mwatiposa ife a m'tauni." Chitenje cha a Constance chinakodwa pa nsonga ija kawiri, kachitatu n'kung'ambika ndithu, koma anangochisoka mwakachetechete. Akakumana ndi a Laimoni pamsika ankawapatsa moni wa patali.

Mvula inabwera, ndipo nkhungu inkagona m'mapiri mpaka dzuwa kufika pamutu. Mahandulo anayamba kutuwa, kenako kutumphuka timatuza, kenako kusupuka ngati khungu la njoka. Pansi pake panatuluka dzimbiri. M'mbali mwake, momwe utoto wa golide unathetheka, munasanduka mano a sowo. A Constance ankawapukuta ndi mafuta ophikira Loweruka lililonse, akudziuza kuti adzawasintha sukulu ikatsekera. Kupita kwa a Laimoni kukanena kuti munanena zoona kunali kowawa kuposa dzimbirilo.

M'mawa wina wa mwezi wa Febuluwale, a Wilkins analowa m'khitchini kukaphika phala lawo la mgaiwa lopanda shuga, monga ankachitira masiku onse. Dirowa ya pansi inali yosatsekeka bwino. Potembenuka ndi poto, mwendo wawo unakhula nsonga ija. Sanamve kanthu. Anamwa phala lawo, n'kutuluka kukaona nkhuku. Anali a Constance amene anaona madontho a magazi pa simenti, n'kuwalondola mpaka kukhola.

"Bambo a Tionge, mwendo wanuwo!"

A Wilkins anayang'ana pansi modabwa, ngati mwendowo ndi wa munthu wina. Pa msongolo panali bala lotalika ngati chala.

"Aa, kachilonda ka mwana aka. Mangenipo kansalu."

Anatsukapo ndi madzi a mchere n'kumangapo. Sabata imeneyo ku sukulu kunali mayeso, ndipo a Constance ankachoka dzuwa lisanatuluke n'kubwera ndi mulu wa mapepala. Akafunsa za bala, yankho linali limodzi: silikupweteka. Nawonso sanaumirire kuti alione. Mumtima ankadziwa chimene chinacheka mwendowo, ndipo kupita ku chipatala kunali ngati kukaulula pagulu. Bala losapweteka linawanyenga onse awiri.

Tsiku lachisanu ndi chinayi fungo ndi limene linayankhula. Atamasula nsalu, a Constance anabwerera m'mbuyo. Mwendo unali utatupa mpaka m'bondo, m'mbali mwa bala mutada bii, ndipo thupi la a Wilkins linkatentha ngati mbaula.

Ku chipatala cha Ligowe, dokotala wachinyamata dzina lake Gregory anaona balalo n'kuyang'ana a Constance.

"Amayi, munthu wa shuga sachedwa ndi chilonda ngakhale tsiku limodzi. Lero lomwe mupite ku boma." Kenako anatembenukira kwa wodwala. "Kodi chinakuchekani n'chiyani, abambo?"

A Wilkins anayankha osawayang'ana n'komwe akazi awo.

"Chitsa cha kumunda, adokotala. Ndinkapalira."

Ku chipatala chachikulu cha Neno anayesetsa masiku anayi ndi mankhwala a m'mitsempha, koma kuola kunali kutathamanga kale. Anawatumiza ku Blantyre pa ambulansi, msewu uli matope okhaokha. Kumeneko mwendo anaudula m'munsi mwa bondo. A Constance anakhala pa benchi ya pakhonde tsiku lonse, manja ali pachifuwa. Abale amene ankabwera ankapukusa mitu n'kutukwana chitsa chija. Tionge analira kuti bwanji bambo ake ankapalira okha pomwe aganyu alipo. Mawu aliwonse otere ankawalasa a Constance, koma zoona zake sanaulule.

Anabwerera ku Ligowe chimanga chitayamba kuuma. Munthu amene anayenda pa njinga mapiri onse a dera limenelo kuphunzitsa anthu kubzala tirigu ndi mbatata, tsopano ankanyamulidwa kupita pakhonde kukaothera dzuwa. Sanadandaule, ndipo za khitchini sanazitchule ngakhale kamodzi. Kukhululuka kwa mwakachetechete kumeneko n'kumene kunawadya a Constance. Akanakonda atawakalipira.

Tsiku lina masana a Laimoni anafika ndi ndodo ziwiri zoyendera zimene anasema okha, zokulunga nsalu pamwamba kuti zisapweteke m'khwapa. Anawaimiritsa a Wilkins, n'kuwayendetsa pang'onopang'ono kuchoka pakhonde kufika pa mtengo wa mango, n'kubwerera. Potsanzika, a Constance anawaperekeza mpaka ku msewu. Atafika pomwe amuna awo sakanamva, anaima.

"A Laimoni, sichinali chitsa."

Mkulu uja anayang'ana pansi.

"Ndinadziwa, amayi. A Zidana anasiya kugwira khasu kalekale."

"Nanga bwanji simunanene kwa anthu?"

"Eni mwendo asankha kukuphimbani. Ine ndine ndani kuti ndikuvuleni?" Anapumira m'mwamba. "Nanenso sindigona bwino. Manja amene anamanga zitsulo zija ndi anga. Ndikanakana."

A Constance anawasiya pamsewupo. Anabwerera kunyumba, n'kupeza amuna awo akuyesa kuima okha ndi ndodo zija, thukuta lili kamukamu, mwendo wa thalauza wopanda kanthu ukulendewera ndi mphepo. Anawagwira m'chiuno kuti asagwe.

"Musalire, mayi a Tionge," anatero a Wilkins. "Tiphunzira."

Anaphunziradi, koma mwendo sumera ngati chinangwa. Uphungu umene a Constance anaukana pakhonde tsiku lija unali waulere, ndipo anadzaumvetsa mpeni wa dokotala utadutsa kale pa thupi la munthu amene sanalakwe kanthu. Akuluakulu sananame pamene anati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.