Kabokosi Kamene Mphunzitsi Sanakawerenge

Panali mphunzitsi wina wopuma pa ntchito, amene mkazi wake Nangozo anamwalira. Nangozo anali woimba kwaya. Asanadwale, mwamunayo ankamujambula mawu akamaimba pakhonde, ndipo nyimbo zonsezo zinali mu kompyuta yakale ya pabalaza. Kwina kunalibe, chifukwa foni imene anajambulira inafa kalekale.

Tsiku lovundukula chiliza litayandikira, bamboyo anafuna kulumikiza nyimbozo ndi zithunzi, kuti abale adzamvenso mawu a malemu. Anayamba kudawuniloda pulogalamu yochitira zimenezi. Ili mkati, magetsi anathima. Atayaka, anaona fayilo ili pomwepo, ndipo anangoti yakwana.

Poiika mu kompyuta, inayenda pang'ono n'kuima. Pa sikirini panatuluka kabokosi ka mizere iwiri ya Chingerezi. Anakatseka. Anayesanso, kabokosi komweko, anakatsekanso. Munthu amene anatha zaka makumi atatu akukalipira ana kuti aziwerenga funso asanayankhe! Chingerezi ankachidziwa kuposa ine ndi inu. Koma mtima unali ku chiliza, ndipo kabokosiko ankangokaingitsa ngati ntchentche.

Tsiku lachitatu kunabwera mlamu wake, mchimwene wa malemu, munthu wabwino mtima koma wosasowa yankho.

"Alamu, imeneyi yadzaza mavairasi," anatero mlamuyo. "Ingoifomatani, ifufutike iyambirenso. Yanga ndinatero."

"Nanga zili mkatimu?"

"Aaa, musadandaule, zimenezo sizipita patali."

Mphunzitsiyo anatulutsa fulashi yosungiramo mafayilo m'dirowa. Mukudziwa chimene anasungamo? Fayilo ya pulogalamu ija basi, poopa kudzavutikanso kuidawuniloda. Atayamba kufomata, kompyuta inamufunsa kawiri ngati akufunadi kuti zonse zichoke. Kawiri konse anadina osawerenga.

Itadzuka ili mbee, anaikanso pulogalamuyo. Inayenda pang'ono n'kuima, kabokosi kaja n'kutulukanso. Ulendo uno sanakatseke. Anavala magalasi, nawerenga. Kankanena kuti fayiloyo sinabwere yonse, aidawunilodenso. Basi, nkhani inali yomweyo.

Anaidawunilodanso, ndipo inalowa bwinobwino madzi a tiyi asanawire. Itatseguka inamupempha kuti asankhe nyimbo. Anafufuza paliponse, osapeza ngakhale imodzi. Ananyamula kompyutayo kupita nayo kwa wokonza makompyuta kumsika, amene analimbana nayo tsiku lonse, kenako n'kupukusa mutu.

Pa tsiku la chiliza kwaya inaimba nyimbo imene Nangozo ankaikonda. Bamboyo anatsinzina kuti amve mawu a mkazi wake pakati pa enawo, monga ankawamvera kale. Sanawamve. Anayesa kuwakumbukira, koma ankangomuthawa. Analira kuposa mmene analirira pa maliro, ndipo anthu ankati ndi chikondi. Iye yekha ankadziwa kuti mawuwo anawafufuta ndi chala chake.

Abale anga, nkhaniyi imandiwawa nthawi zonse ndikamaifotokoza. Chinthu chikakana, nthawi zambiri chimanena chifukwa chake, kaya ndi makina, kaya ndi mwana wanu amene wasiya kulankhula, kaya ndi thupi lanu lomwe. Musathamangire kugwetsa zonse kuti muyambirenso. Khalani pansi, mumve kaye chimene chikunenedwa. Ndipo ngati mwalimbikabe kufufuta, yambani mwadzifunsa kuti m'menemo muli chiyani chimene simudzachipezanso.